Kodi nyimbo yokaimira dziko ku mpikisano wa mayiko ambiri amasankha ndani?

MwanaWaPaChitakale

Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso landisowetsa mtendere chiyambire Loweruka. Alamu anga amagwira ntchito ku Manchester ndiye ananditumizira kavidiyo pa WhatsApp ka mpikisano uja wa Eurovision, oyimba aliyense ndi mbendera ya kwawo kenako kumawerengerana mapointi. Bandulo inandithera pakati koma zochepa ndinaonazo zinandikhudza. Ineyo ndimayimbitsa kwaya ya achinyamata kutchalitchi kwathu kuno ndipo ndikudziwa mmene timavutikira kugwirizana nyimbo imodzi yokha yokayimba kumsonkhano, ena mpaka kunyanyala mapulakatisi, nanga dziko lonse lathunthu amatani kuti amvane kuti apite ndi uyu? Ndi boma limaloza munthu kapena anthu amavota? Nanga ife Amalawi tingalowe nawo? Odziwa tithandizeni chonde.

Aphunzitsi_Luchenza

Achimwene, si boma ayi. Mpikisanowu mwini wake ndi bungwe la mawayilesi lotchedwa European Broadcasting Union, EBU, ndipo unayamba mu 1956 ku Lugano m'dziko la Switzerland ndi mayiko 7 okha. Amene amalowa ndi wayilesi yakanema ya dzikolo, ku UK ndi BBC, ku Sweden SVT, ku Italy RAI, kukhala kwathu kuno bwenzi tikunena MBC. A EBU amangoika malamulo basi, nyimbo isapyole mphindi 3, pasiteji pasapyole anthu 6, nyimbo ikhale yatsopano yoti sinatuluke lisanafike tsiku la 1 Seputembala chaka chathacho, woyimba atulutse mawu ake pompo osati kungogwedeza milomo. Koma zoti asankha bwanji, wayilesi iliyonse imaona yokha.

Ndiye njira zilipo ziwiri. Ena amachititsa mpikisano wa m'dziko mwawo, ena mabwana amangokhala pansi muofesi nkusankha okha.

Amene ndimawagomera ine ndi a ku Sweden. Wawo amautcha Melodifestivalen. Anthu amatumiza nyimbo zoposa 2,000, zimasefedwa mpaka kutsala 30, ndiye kuyambira mu Febuluwale Loweruka lililonse amakhala ali mumzinda wina, uku lero sabata yamawa uko, mpaka fainolo mu Malichi ya nyimbo 12. Pafainolopo theka la mapointi limachokera kwa anthu ovota pa foni, theka linalo kwa majaji a kumayiko ena. Nzeru yake ndi yoti nyimboyo ikukapikisana kunja, ndiye bola alendo ayambe aimva tione ngati ikuwagwira, chifukwa mu Eurovision momwemo simuloledwa kuvotera dziko lanu. Chinanso, ovota pa app amawagawa m'magulu potengera zaka zawo, ana paokha achikulire paokha, gulu lililonse limapereka mapointi ake, kuti achinyamata ochezera pa foni asamize agogo. Sweden yawina ka 7, kufanana ndi Ireland, kuyambira ABBA mu 1974 mpaka Loreen amene anatenga kawiri, 2012 ndi 2023.

Njira ya muofesi ija nayo nthawi zina imabala. BBC mu 2022 inatenga Sam Ryder, mnyamata amene anatchuka poyimba pa TikTok nthawi ya Covid, nkukathera pa nambala 2. Koma mu 2021 anasankhanso okha James Newman ndipo anabwerako ndi 0, majaji sanampatse kanthu anthu ovotanso ayi.

NaBanda wa ku Bvumbwe

Aphunzitsi mwafotokoza bwino koma mawu oti "anthu amavota" ine amandipweteka mumtima. Mwana wa achemwali anga analowa mpikisano wina woyimba mtauni, dzina sinditchula. Mtsikana woyimba ngati ameneyo sindinamuonepo, amapeka yekha nyimbo akusankha tomato pamsika pompano. Anafika mpaka pa anthu 5 omaliza. Kuvota kunali kwa SMS ndipo SMS iliyonse imadya mayunitsi. Ife tinasonkherana, ine ndinachita kugulitsa madengu awiri a kabichi pamtengo wolira kuti ndipeze ya mayunitsi, usiku tinakhala pakhonde anthu 6 aliyense foni m'manja kutumiza mpaka zala kuwawa, kwinaku netiweki ikuthawa timachita kukwera pachulu. Tsiku lomaliza majaji onse anamuyamikira iyeyo poyera koma anawina ndi wina amene abale ake anali ndi ndalama zogulira mayunitsi ambirimbiri nkugawira anyamata kuti azingotumiza. Mwanayo analira njira yonse mu minibasi kuchokera ku Limbe, ndipo chaka chathunthu sanayimbenso ngakhale kutchalitchi.

Ndiye mukati dziko livote, ine ndimafunsa kuti dziko lake liti? Mayi amene akuthyola tiyi kuesiteti kuyambira mmamawa dengu kumsana, amene ka foni kake amatchajitsa pa okala, adzavota kangati? Kukhala kuti Malawi ikusankha nyimbo ine ndingafune voti ikhale yaulere, nambala imodzi voti imodzi, ndipo majaji akhalepo ndithu koma mayina awo ndi mapointi awo tiziwaona.

Aphunzitsi_Luchenza

Pepani kwambiri mayi, zimenezo zimapha luso. Kunjakonso vutoli amalidziwa, nchifukwa chake mu Eurovision amaika malire a mavoti amene munthu mmodzi angaponye ndipo pafainolo pamakhala majaji. Majajinso ndi anthu, mu 2022 a EBU anataya mapointi a majaji a mayiko 6 ataona kuti mavotedwe awo akukayikitsa ngati anapangana.

Che_Muloza

Funso lanu lomaliza lija akulu palibe wayankha. Malawi singalowe chifukwa wayilesi yathu si membala wa EBU. Dziko la mu Africa limene linayimbako ndi Morocco yokha, kamodzi basi mu 1980, nkuthera wachiwiri kuchokera kumapeto. Australia ili kutali koma anachita kuitanidwa mu 2015 chifukwa wayilesi yawo ya SBS yakhala ikuonetsa mpikisanowu zaka zambirimbiri. Chimene tingathe ife nkuvota, kuyambira 2023 anthu a mayiko osapikisana amavota pa intaneti ndipo mavoti awo onse amawaphatikiza ngati dziko limodzi, kungoti pamafunika khadi ya kubanki.

Koma ine chimene chimandiwawa ndi nkhani ya chilankhulo. Kuyambira 1999 aliyense amayimba m'chilankhulo chimene wafuna ndiye ambiri anathamangira Chingerezi poganiza kuti ndiye kuwina. Ife kuno kumalire timamva Chipwitikizi tsiku ndi tsiku kwa anzathu a ku Milange, ndiye nkhani ya Portugal ndimaikonda. Iwowa anayamba kupikisana mu 1964, zaka zoposa 50 osawina olo kamodzi. Mu 2017 kumpikisano wawo wa Festival da Canção anasankha Salvador Sobral, nyimbo yofatsa ya Chipwitikizi yopeka mchemwali wake Luísa, popanda ovina popanda zamoto, mnyamata kungoima yekha. Anakawina ku Kyiv ndi mapointi 758.

Ndiye ndikaganiza za kwathu kuno mtima umandiuza kuti katundu tili naye. Malemu Alan Namoko wa ku Thyolo konkuno, wosaona, ndi banjo yake, nyimbo zake zinakafika kwa azungu osasintha kanthu. Agogo athu a Giddes Chalamanda anazungulira dziko lonse pa TikTok ali ndi zaka zoposa 90 atajambula ndi Namadingo. Tchopa chimene timavina pa Chonde mwezi wa Okutobala a UNESCO anachilemba m'kaundula wawo mu 2014. Vuto ndi loti malamulo aja angatipanikize, tchopa cha anthu 6 mphindi 3 ndi tchopa ngati? Ndipo zoyimbira pasiteji paja sizilira pompo, zimakhala zojambuliratu, ndiye ng'oma zathu zija bwenzi zili zongoonetsa. Pamenepo pamafunika wopeka wanzeru woti atenge kugunda kwa ng'omako nkukuika mu nyimbo yaifupi osakuwononga.

Dalaivala_wa_Thekerani

Ndiwonjezereko pang'ono, kuwina mpikisano wa m'dziko mwanu sikuti basi wapita. Ku Italy amagwiritsa ntchito Sanremo, chikondwerero chimene chinayamba mu 1951 Eurovision isanabadwe, wowina amafunsidwa kaye ngati akufuna kupita. Mu 2025 anawina Olly koma anakana, kunapita wachiwiri wake Lucio Corsi. Ku Ukraine mu 2022 anawina Alina Pash, kenako panabuka nkhani ya ulendo wake wa ku Crimea, dera la Ukraine limene Russia inalanda, mpaka anasiya, kunapita a Kalush Orchestra amene anali achiwiri ndipo ndi omwewo anakatenga chikho ku Turin. Komanso woyimba sachita kukhala nzika, Celine Dion ndi wa ku Canada koma anawinira Switzerland mu 1988. Ine pamenepo ndiye sindigwirizana nazo, wokaimira Malawi akhale woti nsima ya kondoole anaidyapo.

MwanaWaPaChitakale

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri. Mayi NaBanda nkhani yanu yandikhudza kwambiri, ngati mwanayo anayambiranso kuyimba mumuuze kuti kwaya yathu chitseko nchotsekula, Bvumbwe ndi Chitakale ndi minibasi imodzi. Ine ndatolapo ya ku Sweden ija. Mwezi wamawa tikusankha nyimbo yopita nayo kumsonkhano wa makwaya ndipo tili nazo 4 zopeka ana athu omwe. Ndikufuna tidzaziyimbe zonse Lamulungu tikaweruka, mpingo udzavote ndi timapepala aliyense kamodzi, amayi paokha abambo paokha achinyamata paokha, kenako theka linalo adzapereke ndi oyimbitsa kwaya atatu ochokera mipingo ina amene sadziwa kuti nyimbo iyi wapeka ndi mwana wa ndani. Aphunzitsi, inu muli pafupi pa Luchenza pompa, mungabwere kudzakhala mmodzi mwa atatuwo? Thiransipoti tikubwezerani.