Ndalama za ku Joni ndi linga la pa phiri la Mangochi

Mlembi: Asalaam aleikum nonse. Abale athu a ku Joni asonkha kangachepe ndipo kafika dzulo m'manja mwa a Msungichuma. Pempho lawo ndi lakuti tilambulire njira yokwerera ku linga la pa phiri, ndi kuimika chikwangwani pamsewu wa ku Namwera kuti alendo asamasochere. Tiyeni timve maganizo tisanakumane Loweruka.

Mayi a ku Chiponde: Linga? Mjigo wathu unafa kalekale, amayi akutunga madzi padambo limodzi ndi mbuzi. Inu mukuti linga?

Aphunzitsi: Mayi, za mjigo ndazimva ndipo zikundipweteka. Koma ndiloleni ndinene, poti ndine ndinawapempha anyamatawa. Mwezi watha ndinakwerako ndi mdzukulu wanga. Udzu unali wofika m'khosi, chitedze chinatiyabwa mpaka kumsana, ndipo tinasochera kawiri. Titafika ndinangokhala pansi. Makoma amiyala aja akadalipo, ochindikala bwino, koma mitengo yamera m'kati mwake ndipo mizu ikukankha miyala umodziumodzi. Ndinagwira mwala wina ndi dzanja, n'kugwedera ngati dzino la nkhalamba. Mdzukulu wanga, wa Fomu 2, anandifunsa kuti agogo, anamanga ndani? Mwana wobadwira m'tsinde mwa phiri lomwelo. Ndinachita manyazi.

Achimwene a ku Joni: Zoona madala. Kuno malo oterewa anthu amalipira pakhomo kuti akaone.

Malume a pa Majuni: Tisanapite patali. Matumba 40 a simenti a pa kamlatho paja ali kuti?

Msungichuma: Ayambanso.

Malume a pa Majuni: Sindinayambe, ndikupitiriza. Zaka zitatu ndikufunsa funso limodzi. Kamlatho kanakokoloka, ana akuwoloka madzi a m'chiuno, simenti sitinaione, malisiti sitinawaone.

Msungichuma: Malume, nthawi imeneyo buku silinali m'manja mwanga, mukudziwa bwino. Ine ndinalandira buku lopanda masamba anayi ndipo ndinanena pamsonkhano. Musandipake matope a eni.

Aphunzitsi: Abale, tamverani kaye chimene chili paphiripo, mwina tikukangana tisakudziwa chomwe tili nacho. Pamalo paja panali mudzi wa Mfumu Jalasi, amene azungu m'mabuku awo ankamulemba kuti Zarafi. Mu February 1892 asilikali a boma la Angerezi la Harry Johnston anakwera kukamuthira nkhondo motsogozedwa ndi mzungu wina dzina lake King. Anabwerako chothawa, King atavulala, ndipo mzinga wawo unatsala m'manja mwa anthu a Jalasi. Taganizani, mzinga wa Angerezi kukhala paphiri lathu zaka zitatu! Apa n'kuti patangopita miyezi iwiri kuchokera pamene Captain Maguire, mkulu wa asilikali a boma lomwelo, anaphedwa kunyanja, kwa Makanjira, mu December 1891. Azungu anabweranso mu 1895 ndi Major Edwards, ali ndi Amwenye achi Sikh ndi asilikali akuda ambiri. Pamenepo mudzi unagwa, mzinga anautenganso, Jalasi n'kuthawira mbali ya Apwitikizi. Linga lamiyalali linamangidwa pambuyo pake, mu 1897. Ukaima pamwamba paja n'kuyang'ana kum'mawa umamvetsa wekha chifukwa chake onse awiri ankalifuna phirili: woyenda kuchokera kunyanja kulowera ku Mozambique umamuonera patali, ndipo wokwera kudzakuputa amafika miyendo itatha kale.

Mayi a ku Chiponde: Mbiri ndi yokoma aphunzitsi, koma simwedwa.

Mwana wa ku Zomba: Pepani akuluakulu, ndilowererepo. Pachikwangwanipo tilembapo chiyani? Chifukwa ngati tilemba kuti Jalasi anali ngwazi basi, tikhala tikunama. Nkhondo ija inali ndi nkhani ya ukapolo m'kati. Anthu ankagwidwa n'kuyendetsedwa mpaka kugombe la nyanja yamchere kukagulitsidwa. Ena mwa ogwidwawo zidzukulu zawo zili pagulu pomwe pano.

Malume a pa Majuni: Iwe mwana, samala pakamwa. Ufumu umenewo ulipo mpaka lero.

Mwana wa ku Zomba: Sindikunyoza ufumu malume. Ndikunena zomwe zinachitika.

Aphunzitsi: Musiyeni mwanayo, wanena zoona, ndipo ine sindinati tibise. Ukapolo unalipo, ndipo n'chifukwa chake mu 2011 dziko lathu litapereka ku UNESCO mndandanda wa njira za akapolo, linga la Mangochi linalembedwamo pamodzi ndi Fort Lister ya ku Phalombe, Nkhotakota ndi Karonga. Koma nawonso azungu sanakwere phiri lija chifukwa cha chifundo chokha. Ankafuna dziko, ankafuna msonkho. Linga lomwelo linadzasanduka ndende kuyambira 1907 mpaka 1910, ndipo pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankaphunzitsirapo asilikali a King's African Rifles. Amene ankatsekeredwamo ndi amene ankaguba pamenepo anali anthu akuda ngati ife tomwe. Zonsezi zilembedwe, m'Chiyao, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Mwana awerenge yekha, aweruze yekha.

Wa kabaza: Ine ndingoti alendo akabwera tidzapezako ya sopo. Chaka chatha ndinanyamula azungu awiri ankafunsa za malowa, ndinawazungulitsa mpaka mafuta kutha, osapeza polowera.

Mayi a ku Chiponde: Awiri pachaka. Amayi otunga padambo ndi angati patsiku?

Achimwene a ku Joni: Mayi, ndalamazi tasonkha ndife, ena timagona asanu chipinda chimodzi kuti zitsaleko. Za mjigo tinatumiza kale ulendo uja. Zinathera kuti?

Msungichuma: Zinagula mapaipi ndi kulipira mmisiri. Malisiti ake ndili nawo, ndijambula madzulo ano.

Malume a pa Majuni: Madzulo ake ati? Chaka chathanso munati madzulo.

Mlembi: Chonde tisatchulane maina oipa. Uthenga wina ndaufufuta.

Malume a pa Majuni: Mwafufuta wanga, wa iwo mwausiya. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, tikudziwa.

Aphunzitsi: Malume, funso lanu la simenti ndi loyenera ndipo Loweruka ine ndiliikira kumbuyo. Koma tisaotche nkhokwe chifukwa cha khoswe. Ndikupatseni chitsanzo cha paboma pathu pomwepa. Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi pali nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen. Sitima imeneyi ndi imene mu August 1914 inapita ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, n'kuwombera sitima ya Majeremani ya Hermann von Wissmann ili pamtunda ikukonzedwa. Anthu amaima, amajambula, ena n'kulowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ija. Chifukwa chake n'chimodzi: zili pamsewu, zikuoneka. Boma lonseli kale linkatchedwa Fort Johnston, dzina la Mangochi linatsika kuchokera kuphiri kwathu kuno. Eni dzina ndife, koma ndife tabisika m'tchire.

Mwana wa ku Zomba: Komanso tisaiwale kuti sitingangonyamula zikwanje n'kukwera. Linga lili m'nkhalango yotetezedwa, ndipo kuyambira 2018 nkhalangoyo ikuyang'aniridwa ndi bungwe la African Parks pamodzi ndi Liwonde. Makomawonso ali pansi pa nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Kuchotsa kapena kusuntha mwala popanda chilolezo ndi mlandu.

Aphunzitsi: Wanena bwino mwanawe. Ine sindikufuna munthu apite ndi simenti kukamata makoma aja, angawaononge. Kalata ndilemba ndekha, ndipo tisanapite kwina kulikonse tiyambire kwa mfumu. Chomwe ndikupempha ndi njira, chikwangwani, ndi anyamata awiri kapena atatu oti ndiwaphunzitse mbiriyi ndikadali ndi mpweya. Maondo anga sakweranso phiri lija kambiri.

Wa kabaza: Ine mundilembe aphunzitsi. Koma njovu zija zimadutsa kumeneko?

Aphunzitsi: N'chifukwa chake tikufuna eni nkhalango atiperekeze.

Mayi a ku Chiponde: Ndiye tigawe pakati. Theka mjigo, theka linga lanulo.

Achimwene a ku Joni: Tikagawa palibe chitheke, zonse zikhala zapakatikati ngati kamlatho kaja. Ndiwafunsa anzanga tikaweruka.

Malume a pa Majuni: Musagawe kanthu, musagule kanthu. Ndalama imeneyo isatuluke mpaka buku libwere patebulo, masamba anayi aja ali momwemo.

Msungichuma: Ngati ndi choncho Loweruka ndibweretsa buku ndi makiyi omwe. Musankhe wina.

Mlembi: A Wapampando, mukuwerenga mauthengawa, tikuona. Tatiyankhulani.

Wapampando: Ndili kumaliro ku Katuli. Tikambirana Loweruka.

Mayi a ku Chiponde: Pepani ndi maliro. Koma Loweruka lake tikumana kuti? Kusukulu kuja anatikaniza chifukwa cha phokoso la ulendo watha.