Munthu wa pa belo akajomba kukhoti, chimatsatira n'chiyani?

Nachisale: Akuluakulu, ndithandizeni. Munthu amene ali pa belo akapanda kufika kukhoti pa tsiku la mlandu wake, amamangidwa pomwepo? Nanga amene anamuyimira, ndalama zawo zimapita? Komanso bwanji osangowasunga onse pa rimandi kuti zothawathawazi zithe?

Kalaliki_wakale: Mayi, malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma kayendetsedwe kake n'kofanana. Dzina likaitanidwa koma mwini wake kulibe, wosuma mlandu amapempha walanti yoti amangidwe. Woweruza angathe kuipereka tsiku lomwelo, kapena kuika tsiku lina ngati loya kapena wachibale waimirira n'kufotokoza chifukwa chomveka. Kenako omuyimira amaitanidwa kuti anene chifukwa chimene khoti lisawalandire ndalama zimene analonjeza. Likhoza kutenga zonse, gawo chabe, kapena kuwakhululukira ngati aonetsa kuti anayesetsa kumufunafuna.

Chachikulu n'chakuti wojombayo asadikire apolisi pakhomo. Apite yekha ku ofesi ya khoti mawa lake lomwelo, nambala ya mlandu ili m'manja, pamodzi ndi umboni monga kalata ya kuchipatala yokhala ndi deti ndi chidindo. Wobwera yekha kawirikawiri walanti imachotsedwa. Wogwidwa patapita miyezi belo imathetsedwa, ndipo kuipezanso kachiwiri n'kovuta kwambiri.

Mphepo: Ndionjezere apa. Ambiri ojomba sathawa ayi. Wina sanamve bwino deti chifukwa linanenedwa mofulumira m'chilankhulo chimene sachidziwa, wina mlandu unasamutsidwira m'chipinda china iye ali pa benchi panja kudikira. Wina watopa, wabwerako kasanu mlandu ukungoimitsidwa chifukwa mboni sizinabwere, ulendo uliwonse akutaya tsiku la ntchito. Ku New York anayesa kutumiza uthenga wa pafoni wokumbutsa tsiku ndi malo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2020 anapeza kuti kujomba kunatsika ndi pafupifupi 21 pa 100 alionse. Omuyimira nawonso azilemba okha deti, asamangodalira kuuzidwa.

Mayi Loya: A Nachisale, funso lanu lomaliza lija la rimandi ndi limene likundikhudza. Kuthithikana m'ndende sikubwera ndi kuchuluka kwa olowa kokha, koma ndi masiku amene aliyense amakhalamo. Tiyerekeze kuti tsiku lililonse mukulowa anthu 10. Akamakhala masiku 30, m'katimo muli anthu 300. Milandu ikachedwa mpaka masiku 90, muli 900, m'zipinda zomwe zija, zimbudzi zomwe zija. Anthu amagona chammbali mothinana, mpweya wochepa, ndipo chifuwa chachikulu ndi mphere zimafala msanga. Onsewa khoti silinawapeze olakwa.

Pangano la United Nations la mu 1966 la ufulu wa anthu pa zandale ndi zaunzika, ndime 9(3), limanena kuti kusunga m'ndende anthu odikira mlandu kusakhale lamulo la nthawi zonse. Vuto lina ndi belo ya ndalama: wopatsidwa belo koma wosauka amatsalira m'kati, pamene wachuma wa mlandu waukulu watuluka tsiku lomwelo. Dera la Illinois ku America linathetseratu belo ya ndalama mu 2023. Ngati m'bale wanu wapatsidwa belo imene sangaikwanitse, angathe kupempha khoti lomwelo kapena lalikulu kuti lichepetse ndalamazo, kapena lisinthe kuti azikasaina kupolisi pa masiku oikika.