LSTM ikudula ma peak pa Mukuvisi, alipo anakumana nazo?

aPhiri: Anzanga thandizeni, mutu waima. Ndaphunzitsa LSTM (model ya pakompyuta yophunzira ku deta yakale) kuti izichenjeza za kusefukira kwa Mukuvisi, mtsinje wa mu Harare, pogwiritsa ntchito CHIRPS (deta ya mvula ya ma satellite ndi masiteshoni) ndi discharge (madzi odutsa mumtsinje pa sekondi) ya siteshoni imodzi. NSE (muyeso wa kulondola kwa model) ikuoneka bwino ndithu, koma mtsinje ukadzaza model ikutsalira kutali ndi peak, pamene madzi afika pamwamba penipeni. Ndasintha loss (mmene model imawerengera zolakwa zake), ndatalikitsa lookback (nthawi yam'mbuyo imene imayang'ana), palibe chasintha. Nanga chenjezo lophonya peak lipulumutsa ndani?

aBanda: Vuto ndi rating curve, mzere umene umasintha msinkhu wa madzi kukhala discharge. Musanakhudze model funsani kuti current meter, choyezera liwiro la madzi, inalowa liti m'madzi mtsinje uli wodzaza. Ma peak mukuwathamangitsawo ambiri palibe anawayeza, anangotalikitsa mzere.

Nachisale: aPhiri, CHIRPS ndi ya tsiku lathunthu, bokosi lililonse pafupifupi makilomita 5. Mvula yamabingu ya Disembala imakhuthuka ola limodzi ku Msasa, ku Waterfalls kuli gwa (onsewa ndi madera a Harare), CHIRPS nkuimwaza ponseponse. Yesani IMERG, deta ya mvula ya ma satellite ya mphindi 30 zilizonse, koma muifananize kaye ndi ma rain gauge, nayonso imaphonya. Komanso mtsinje umodzi deta imachepa. Phunzitsani pa Caravan, nkhokwe ya deta ya mitsinje yambiri, kenako fine-tune, kuiphunzitsanso pang'ono pa Mukuvisi yokha.

aBanda: Fine-tune pa manambala ongoganizira? Rating curve, mayi.

aMwale: Ine chimene chimandiopsa nchina. Idai mu Malichi 2019 ku Chimanimani sanali madzi okha, mapiri anagumuka, miyala ikuluikulu nkutsika ndi mtsinje. Freddy mu 2023 chimodzimodzi ku Chilobwe, pansi pa phiri la Soche. Model imangodziwa zimene inaonapo. Tsiku loipitsitsa gauge yoyeza mtsinje yomweyo imakokoloka, mu deta mumatsala mpata pamalo pa peak. Musalole mabwana aione ngati mneneri.

Nachisale: Zoona achimwene. Ndiye onjezani madambo a Harare amene anthu amangamo nyumba. Madzi amene kale ankalowa pansi lero akuthamangira mumtsinje. Deta ya m'ma 1990 ikunena za catchment (dera lothira madzi mumtsinje) ina.

aPhiri: Ndiye nditaye zaka zakalezo? Nditsala ndi chiyani?

aBanda: Musataye. Pitani mukayeze cross-section, kuya ndi m'lifupi mwa mtsinje. Mchenga ndi zinyalala zasintha pansi pa mtsinje, curve yakale singagwirenso. Ngakhale HEC-HMS, model ina ya madzi a mitsinje, ingakunamizeni pa deta yomweyo.

aMwale: Pa nkhani ya masiteshoni, ma logger anu, makina ojambula deta, mumawateteza bwanji? Kwathu anaba solar panel, batire nkufa mvula itangoyamba.

Nachisale: Bokosi lachitsulo, muwotcherere. Komabe amadula.