Ndimange nyumba yokhalamo kapena zipinda za ana a ku Chanco?

Bambo_a_Awiri:
Moni nonse abale anga. Ndakhala ndikungowerenga pano osayankhulapo koma lero ndiye ndikufuna nzeru zanu, nkhaniyi ikutigonetsa mochedwa kunyumba. Ndimagwira ntchito m'boma konkuno ku Zomba, ndili pabanja, ana awiri, ndipo chaka chino ndi cha 7 tikukhala nyumba ya lendi ku Matawale. Tasonkhanitsako kandalama, zina za ku SACCO zina za bizinesi ya zitenje ya madamu, zonse pamodzi zikukwana K18 miliyoni.

Ndiye pali malo awiri. Ena ali ku Chikanda, pafupi ndi yunivesite ya UNIMA (Chanco), puloti yaing'ono koma pali kale faundeshoni ya zipinda 6, mwini wake anakanika kupitiriza. Ena ali cha ku 4 Miles, aakulu ndithu, oti nkudzalapo chimanga ndi masamba kuseri. Ine mtima uli ku Chikanda chifukwa ana a sukulu sadzatha, chaka chilichonse akubwera ena ndipo pakampasi malo ogona sakwanira. Koma madamu sakumva zimenezo, akuti atopa kusesa pakhomo pa eni. Ndipo sindingawanene, landilodi watikwezera kawiri chaka chathachi, komanso nyumba yomwe tinkakhala poyamba madamu anadzalapo mapapaya ndi mtengo wa mapeyala, mapapaya atangoyamba kubereka tinapatsidwa notisi ya mwezi umodzi ati mwana wa eni nyumba akukwatira. Mpaka lero tikamadutsa pamenepo amayang'ana kumbali. Ndiye anzanga amene munadutsamo, ndiyambe chiti?

Landilodi_wa_ku_Chikanda:
Achimwene ine ndili ndi zipinda 8 komweko ndiye ndikuuzani zomwe ndimaona ndi maso. Ndalama ilipo sindikukana, chifukwa timalipiritsa pamutu osati pachipinda, mukaika awiri m'chipinda zimatuluka bwino kuposa kuchititsa lendi banja. Koma musawerengere miyezi 12. Holide ikafika zipinda zimakhala pululu, ena amakupemphani kuti asiye katundu alipire theka, ena amangosowa ndi kiyi yemwe. Mu 2020 sukulu zitatsekedwa mu Malichi chifukwa cha Covid ndinakhala miyezi yambirimbiri osaona ngakhale K1, pomwe ine ndinali ndi ngongole ya malata, ndinaonda abale.

Chinanso, ana a masiku ano amasankha. Akufuna magetsi, madzi pompo, fensi, bafa labwino, ena mpaka amafunsa ngati netiweki imagwira m'chipinda. Faundeshoni yomwe mukunenayo musaione ngati mwapeza theka la nyumba, ndalama zimathera kumwamba uku, matabwa, malata, mawaya, zitseko, chimbudzi. Ndiye semesita iliyonse konzekerani kugula masoketi atsopano chifukwa mahotipuleti amawotcha, maloko, mababu, penti. Foni imalira ndi 11 koloko usiku ati mayunitsi atha ndipo akukangana kuti agule ndani. Ngati mulibe mtima wopirira ndi ana a eni, ganizani kawiri. Ndipo pitani ndi mmisiri wanu akaione faundeshoniyo, ena amathira simenti yongonunkhiza.

Wamasamu_pa_Chinamwali:
Akulu, tengani pepala ndi cholembera. Lendi yomwe mukulipira ku Matawale ichulukitseni ka 12, imeneyo ndi ndalama yomwe nyumba yokhalamo "ingakulipireni" pachaka, ndipo ilibe holide, ilibe wothawa ndi kiyi. Muchotsepo thiransipoti yokha, chifukwa ku 4 Miles inu, madamu ndi ana mudzafunika minibasi kapena kabaza tsiku ndi tsiku, zimenezo anthu amaiwala kuwerengera. Mbali inayi lembani za zipinda 6, miyezi yomwe sukulu ili mkati yokha, muchotse zokonzetsa, masiteleti a kukhonsolo, msonkho wa MRA poti ndalama ya lendi nayonso imadulidwa msonkho, kenako muchotsenso lendi yanu ya ku Matawale poti mudzakhala mukulipirabe. Chotsalacho ndiye phindu lenileni. Kwa ambiri ku Chikanda kumapambanabe koma osati ndi mtunda umene amaganiza.

Koma chomwe ndikukupemphani, chilichonse mungasankhe, ndalamayo isagone ku akaunti. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti, amene anasunga ndalama ya matumba 100 a simenti anadzuka ili ya matumba ochepa. Gulani malo, gulani malata ndi zitsulo musunge, simenti yokha ndiye musaunjike imauma. Ndipo zokatenga loni ku banki kuti mumange zonse ziwiri nthawi imodzi ayi chonde, mu 2024 Reserve Bank inafikitsa polise reti pa 26 peresenti, mabanki amaikanso yawo pamwamba, palibe chipinda cha mwana wa sukulu chingabweze chiwongoladzanja chimenecho.

Mayi_wa_ku_Sadzi:
Bambo a awiri, ine masamu ngati a anzathuwa sindiwatha koma ndiloleni ndiyankhule ngati mayi. Mverani akazi anu. Amuna anga anamwalira ana ali ku pulayimale, tinali titangolowa m'nyumba yathu yosamaliza, pansi pafumbi, mawindo titatseka ndi njerwa ndi masaka, siling'i kulibe moti mvula ikamagwa sitinkamvana. Koma maliro atatha palibe anabwera kudzagogoda kuti mayi lendi. Ndinkagulitsa mandasi ndi tomato ku Mpondabwino, tsiku lina kupeza tsiku lina ayi, koma pogona tinali napo. Tikanakhala pa lendi sindikudziwa kuti ana anga akanaphunzira bwanji. Ntchito imatha bambo, matenda sapangana nawe, ndipo landilodi ngakhale wabwino chotani amapirira miyezi iwiri basi.

Ndiye za mapepala. Musakhutire ndi kakalata kolemba pamanja ndi chidindo cha amfumu chokha, pitani kukhonsolo ndi ku ofesi ya za malo mukafufuze ngati malowo alidi a amene akugulitsayo, afunseninso oyandikana nawo, chifukwa madobadoba amagulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu ali phee. Mapepalawo alembedwe maina a nonse awiri poti ndalama ya zitenje ilimo, ndipo mulembe wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, kulanda katundu wamasiye ndi mlandu, koma achibale ena akamva kuti pali zipinda zotulutsa ndalama mwezi ndi mwezi amabwerabe, ine zinandipeza pa njinga ndi wailesi chabe, nanji mahositelo.

Komanso pitani mukaone malo onsewo nthawi ya dzinja osati mu Okutobala kuli gwa. Tonse tinaona zomwe namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023, ndipo mtsinje wa Likangala ukakwiya sufunsa kuti nyumbayi ndi ya lendi kapena yokhalamo. Funsani kuti madzi ochokera kuphiri amadutsa pati.

Mnyamata_wa_pa_Ndola:
Bwanji osaphatikiza bwana? Malume anga anachita chonchi, anagula puloti yaikulu nkuyamba ndi boyizikota ya zipinda ziwiri kuseri, analowa momwemo ndi banja lonse mothinana choncho, ndalama yomwe inkapita ku lendi nkumagula mabuloko pang'onopang'ono. Patatha zaka 4 analowa m'nyumba yaikulu, boyizikota ija pano muli wapolisi akulipira lendi. Zomba si ana a UNIMA okha, kuli asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, manesi a ku chipatala cha Central, a ku MANEB, a ku ofesi ya kalembera ya NSO, aphunzitsi, onsewa amasaka nyumba ndipo sapita ku holide miyezi itatu. Likulu la dziko linasamukira ku Lilongwe mu 1975 koma anthu a pa payirolo adakalipo ambiri tauni ino. Bola malowo akhale oti magetsi ndi madzi zili pafupi, chifukwa kukoka mapolo ndi mapaipi patali kungakudyereni ndalama ya chipinda chathunthu.

Landilodi_wa_ku_Chikanda:
Apo mnyamata wanena zoona, kungoti ku 4 Miles lendi yake singafanane ndi ya kuno, ndipo malo a pafupi ndi kampasi ya Chirunga akutha, mukawasiya lero chaka chamawa mudzawapeza mtengo wina. Ine ndinayamba ndi zipinda ndili pa lendi ndipo sindidandaula, nyumba yomwe ndikukhala pano anandimangira ndi ana a sukulu omwewa. Koma nthawi imeneyo ndinali ndisanakwatire, ndinkagona chipinda chimodzi ndi matilesi pansi, zanu ndi zina muli ndi ana.

Bambo_a_Awiri:
Zikomo kwambiri nonse, sindinayembekezere kuti mungandiyankhe mozama chonchi. Amayi a ku Sadzi, uthenga wanu ndawawerengera madamu mokweza, anangoti "mwamvatu" nkulowa kukhitchini, ndipo kunena zoona za wilo ndi maina pamapepala sindinaziganizepo nkomwe. Masamu aja ndawachita usiku, ku Chikanda kukupambana ndithu koma K18 miliyoni singamalize zipinda 6 ndi fensi ndi zimbudzi, ndikhoza kudzakanika ngati mwini wake woyamba uja. Loweruka tikupita limodzi ku 4 Miles ndi mmisiri, tikaone pomwe pali polo ya magetsi yomaliza ndi pomwe madzi amadutsa, Lolemba ndikafufuze za mapepala. Funso lina kwa amene munamangapo posachedwa, boyizikota ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, mabuloko a simenti ndi njerwa zootcha chotchipa ndi chiti mukaphatikiza pulasitala ndi thiransipoti? Ndipo mmisiri mumamulipira pa siteji kapena pa tsiku?