BP ya amayi siikutsika, alipo akudziwa za renal denervation?

Moni nonse abale anga muno. Ndili ku Rosettenville, Johannesburg, ndi amayi anga a zaka 61. BP yawo imangokhala pa 170/100 ngakhale akumwa amlodipine, losartan ndi hydrochlorothiazide tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Adokotala anawonjezera spironolactone koma potassium inakwera, basi anawasiyitsa. Mchere tinachepetsa, ngakhale amadandaula kuti ndiwo sizikukoma.

Sabata yatha dokotala wa mtima anatchula renal denervation. Akuti amalowetsa kachubu mumtsempha wa m'mphechepeche mpaka ku impso, n'kuwotcha minyewa yozungulira mitsempha ya magazi kumeneko. Mankhwala akuti sungasiyiretu.

Alipo anapangitsapo kuno? BP inatsikadi? Nanga medical aid inalipira, kapena munatulutsa za m'thumba? Chonde ndithandizeni.