Chofunda cha zigamba chagona musutikesi zaka 3, ndichimalize bwanji abale?

Wazigamba_BT

Moni nonse. Ndili ndi nkhani yomwe ena museka koma ine ikundisowetsa mtendere. Mayi anga atamwalira tinagawana zovala zawo, ine ndinatenga zitenje, zambiri zinali zoti kuvala sizingatheke koma kutaya mtima unakana, ndiye ndinati ndizidule ndisoke chofunda cha zigamba chija amati quilt, ndinaonera pa YouTube nkumati aaa izi nzophweka izi. Ndinadula timasikweya, nkumalumikiza 4 kupanga bloko imodzi ya 20 cm, cholinga chinali cha bedi la double ndiye nditawerengera zimafunika mabloko 110. Ndinafika pa 63 basi moto unazima. Pano zaka 3 zatha zili musutikesi pamwamba pa wadiropu.

Dzulo ndatsitsa kuti ndione, mabloko ake sakufanana, ena 20 ena 19 ena mpaka 21 ndi theka, makona sakukumana, ndipo zitenje za mayi zatsala zochepa sizingakwane 47 otsalawo. Komanso chinandigwetsa ulesi kwambiri nchakuti sindikudziwa mkati ndiikamo chani, ndipo kamakina kanga nkakang'ono ka magetsi, chinthu chonsecho chingadutse bwanji pamenepo? Ndiphwasule ndiyambirenso kapena nditani? Mwana wanga wamkazi akupita kusekondale yogonera konko ndimafuna apite nacho, koma mmene zililimu akhoza kumaliza Form 4 ine ndikadali pa bloko 63.

TelalaWapakhonde

Achemwali pepani ndi za mayi. Koma chonde lezala muyike pansi, osaphwasula. Zitenje zakale ulusi wake unafooka kale, mukayamba kumasula misoko zizingong'ambika mmbali ndipo mutsala ndi zochepa kuposa pano. Ine ntchito yanga ndi yomweyi ya makina ndipo zidutswa ndimasesa tsiku lililonse, ndikuuzeni mmene ndingachitire.

Sitani mabloko onse kaye, misoko igone mbali imodzi, chifukwa ena amene mukuti ndi 19 wo mupeza kuti ndi msoko unangopindika kumbuyo, akasitidwa abwerera. Mukatero pezani kakang'ono kwambiri pa onsewo, tinene kuti ndi 19, dulani katoni ya sikweya 19 kwa 19 yowongoka bwino, muziyika pa bloko iliyonse, kulemba ndi choko kapena kachidutswa ka sopo kotsala kubafa kaja nkudula zotsalira. Onse akhala ofanana. Makona ena sakumanabe inde koma pabedi palibe amabwera ndi tepi kudzayeza.

Za 110 zo iwalani. 63 ndi 7 kuchulukitsa 9, mwamaliza kale inu simukudziwa chabe kkkk. Mukalumikiza, misoko ikadya, zikupatsani pafupifupi 125 cm mulifupi ndi 160 mulitali, ndiye mugule nsalu ya plain yamtundu umodzi muzungulize mmbali monse 20 cm, mufika cha mma 165 kwa 200. Matilesi akusukulu ndi a single, mulifupi cha mma 90 cm, ndiye chikwana mpaka kulendewera. Double yo mumamusokera ndani poti mwati ncha mwana.

Chimodzi chokha, nsalu yatsopanoyo muichape kaye musanadule. Zitenje za mayi zinachapidwa kambirimbiri zinafupika kale, yatsopano ikadzafupika payokha tsiku loyamba kuchapa chofunda chonse chikhwinyata. Ndipo ngati ndi yofiira kapena ya bluu wakuda muinyike pa yokha mubeseni muone ngati ikutulutsa mtundu.

Wazigamba_BT

Eeeh 7 kuchulukitsa 9 zoona, zaka zonsezi ine mutu uli pa 47 osowawo. Zikomo bambo. Nanga zamkatizo?

MayiWaMapasa

Zamkati musavutike nazo asisi, pitani pakaunjika mukasankhe bulangete lopepuka, la fleece lija ndiye labwino chifukwa silisosoka mmbali komanso limauma msanga, ndi bedishiti ya cotton ya kunsi. Osagula bulangete lolemera lija, ine ndinapanga mistake imeneyo, chofunda chake chikanyowa kuchinyamula timachita kugwirizana anthu awiri ndipo mu June dzuwa lake lija chimatha masiku atatu pachingwe chisanaume, mwana wakusukulu sangachikwanitse. Siponji yopyapyala ija ena amaika nayonso ayi, ikachapidwa kangapo imanyenyeka nkumaunjikana kumakona ngati mapilo akale.

Ine zosamaliza ndili nazo zambiri moti amuna anga amati nyumba ino ndi fakitale yopanda sitolo, koma chomwe ndinaona nchakuti zonse zimaima pamalo amodzimodzi, pophatikiza zitatu zija, chapamwamba, chamkati ndi chakunsi. Kusoka mabloko kumakoma chifukwa umakhala pampando wailesi ikulira kamodzikamodzi kakutha, koma apa pamafunika kugwada pansi tsiku lonse ndiye umangoti mawa, mawa. Ndiye sankhani Loweruka limodzi, muitane munthu mmodzi, mukolope pabalaza musunthe mipando. Yalani bedishiti kumaso kwake kuyang'ane pansi, muikoke pang'ono mumate makona ndi selotepi pasimenti kuti isakwinyike, pamwamba bulangete, pamwamba penipeni zigamba zanu. Zakunsi ziwirizo zikhale zotsalira ngati 8 kapena 10 cm mbali zonse chifukwa zimayenda posoka. Kenako mapini athewera aja, kuyambira pakati kumapita kunja, kutalikana kwake ngati chikhato chanu. Amafunika ambiri kuposa mmene mukuganizira, oposa 100, akachepa ingoshulani ndi singano yamanja misoko italiitali ya ulusi woyera mudzachotsa pambuyo.

Ndiye poti mukuopa makina, osasoka nkomwe, mangani. Tengani wulu wolukira majuzi kapena ulusi wa kolosheti ndi singano yaikulu, pamphambano iliyonse pomwe timasikweya takumana lowetsani mpaka kunsi, mutulukire pafupi pomwepo, mumange mfundo kawiri nkudula kusiya timichira ta 2 cm. Poti timasikweya tanu ndi ta pafupifupi 10 cm ndiye mfundo zikhala motalikana bwinobwino. Ubwino wake mfundoyo imakhala pamwamba penipeni pa makona osakumana aja, imawabisa kkkk. Magetsi azime asazime inu ntchito ikuyenda, ine changa chomaliza ndinamanga madzulo anayi ndi tochi ya foni.

Nachi_ku_Leeds

Ndaseka poona mutu wa nkhaniyi chifukwa kuno ku UK azimayi osoka ma quilt ali ndi dzina la zinthu zimenezi, amati UFO, kutanthauza unfinished object, ndipo kugulu komwe ndimapita Lachiwiri aliyense ali nazo, gogo wina anabwera ndi yomwe anayamba mwana wake ali khanda pano mwanayo ali ndi ana ake. Ndiye zaka 3 inu mukadali wakhanda.

Za makona osakumana ndisakunamizeni ine zinasiya kundidandaulitsa nditaona zithunzi za ma quilt a ku Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama ku America. Azimayi akumeneko ankasoka ndi mabuluku akutha ogwirira ntchito kumunda ndi matumba, mizere yokhota, zigamba zosafanana, ankangofuna ana asagone ndi mphepo, koma mu 2002 zinakaonetsedwa mmamyuziyamu akuluakulu ku Houston ndi ku New York anthu nkumazizwa. Sakani muone.

Ngati mtima ukufunabe kusoka pamakina zimatheka ndi kamakina kakang'ono komweko, kungoti mizere yowongoka basi, motsata misoko ya mabloko, kuyambira mzere wapakati. Mbali yolowa kumimba kwa makina muikulunge ngati mkeka, tebulo likhale lalikulu kapena muike mpando pambali kuti kulemera kusamakoke singano. Singano size 16, stitch muitalikitse ifike 3 kapena 3.5. Kuno amagwiritsa ntchito phazi lina amati walking foot limene limakoka nsalu yapamwamba ndi yapansi limodzi, popanda limenelo kunsi kumachita timapinda ndiye muziyenda pang'onopang'ono manja onse awiri atayala nsalu. Koma kunena zoona pa zitenje zakale ngati zanuzo ine ndili mbali ya MayiWaMapasa, ngakhale ndingawonjezere kuti chofunda chomanga sichilimba ngati chosoka chikamachapidwa pafupipafupi, ndiye mumuuze mwana asamachipume pamwala.

Musaiwale kusokerera kansalu kumbuyo kolemba dzina la agogo ake ndi chaka, kusukulu zinthu zimasowa komanso.

TelalaWapakhonde

Kuwonjezera, potseka mmphepete mwa chofunda mukamaliza kuphatikiza zitatu zija, dulani mizere ya nsalu ya 6 cm mulifupi, lumikizani italike kuzungulira chofunda chonse, mwa miyeso ija ndi mamita 7 ndi theka muikeko yapadera, pindani pakati musite, sokani kumaso ndi makina mutembenuzire kumbuyo mumalize ndi manja. Kapena chidule, bedishiti yotsalira ija muidule itsale 3 cm, muipinde kawiri kubwera kumaso nkudinda. Zikakukanikani pitani nacho kwa telala aliyense wa makina opalasa, Singer kapena Butterfly zakale zija zimaboola bulangete osadandaula, ndi ntchito ya ola limodzi. Posita samalani, zitenje zina zamasiku ano makamaka zamisonkhano ndi zachipani ndi polyester, nsimbi yamakala ikapsa kwambiri zimasungunuka.

Wazigamba_BT

Abale ndabweranso. Usiku ndasita onse 63, mabloko 5 okha ndi amene anali aang'ono zenizeni ndipo kamodzi mbewa inakalawa pakona, ndakaika chigamba cha chitenje chawo cha Mvano chomwe ndinkaopa kudula. Katoni ndadula pa bokosi la sopo. Ndayala pamphasa 7 kwa 9 ndipo mwana wayamba kale kulozera, ichi ankavala popita kumunda, ichi chapaukwati wa aunt, mpaka tinalira pang'ono kenako tinayamba kukangana kuti chobiriwira chikhale pati. Loweruka ndikupita ku Limbe kukasaka fleece ndi bedishiti, mng'ono wanga wavomera kudzagwada nane. Funso lomaliza, wulu wake ndigule mtundu umodzi kapena ndisakanize? Ndili ndi wofiira wotsala koma ndikuopa angatulutse mtundu.

MayiWaMapasa

Wa acrylic nthawi zambiri satulutsa, koma dulani kachidutswa munyike mmadzi otentha ndi kansalu koyera muone. Ukapanda kutulutsa gwiritsani womwewo, pa zitenje zamitundumitundu wofiira umaoneka bwino. Mfundo muzikoka zolimba, ana amakonda kuzitosatosa akagona.