Ndalama za masika pampingo wathu ku Edinburgh: zipite kumudzi kapena kwa ogona panja kuno?

NaPhiri wa ku Leith

Abale ndi alongo, ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Ndakhala ku Edinburgh zaka 9, ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo ndimapemphera pampingo wina waung'ono wa Church of Scotland kuno ku Leith, dera lina la mzindawu. Kwathu ndine wa CCAP, mayi wa Mvano. Tsiku loyamba kulowa m'tchalitchi muno sindinasowe chilichonse, chifukwa nyimbo zambiri ndi zomwe zija timaimba kwathu, kusiyana mawu okha. Agogo ena atamva kuti ndine wa ku Blantyre anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

Chaka chino andiika m'komiti yogawa ndalama zachifundo. Tilimo asanu, Mmalawi ndine ndekha. Chopereka cha masika, kuphatikiza ndi zomwe timapeza pogulitsa supu ndi makeke Lachisanu lililonse, zakwana £2,400. Mwa chizolowezi theka limapita ku Bethany Christian Trust, amene amathandiza osowa pokhala mumzinda muno, theka lina ku Christian Aid, bungwe la mipingo lothandiza osauka m'maiko osiyanasiyana. Ndiye bambo wina m'komitimo wanena kuti chaka chino zonse zipite ku Malawi. Atangotero onse anacheukira ine. Akuti Lachiwiri likubwerali ndikanene maganizo anga, ndipo ndikudziwa kuti chomwe ndinene ndi chomwe achite.

Likanakhala dzana ndikanavomera pomwepo. Mayi anga aang'ono ku Chilobwe nyumba yawo inapita ndi namondwe wa Freddy m'Malichi 2023, matope ndi miyala zitatsika phiri la Soche. Mpaka lero ali pa lendi m'kachipinda kamodzi ndi adzukulu anayi. Mumtima ndinkati, mzungu wosauka alipo? Chipatala chaulere, boma limawapatsa ndalama, akusowanji?

Koma m'Januwale ndinalowa m'gulu la pampingo pathu lokwera nawo Care Van. Imeneyi ndi galimoto ya Bethany ndi Edinburgh City Mission, imazungulira pakati pa mzinda usiku kugawa supu, buledi, tiyi ndi zovala zamphepo, ndipo mipingo imasinthana masiku. Kuno m'dzinja lawo dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko madzulo, mphepo yake yolasa m'mafupa. Pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Waverley panabwera mnyamata wina, msinkhu wa mlongo wanga wotsiriza. Zala zake zinali zitauma moti kapu sankatha kuigwira, ndinachita kumugwirizira. Anandifunsa kwathu. Nditati Malawi nkhope yake inawala. Anati ali ku pulayimale, sukulu yawo inkalongedza zikwama za Mary's Meals, bungwe lopereka phala m'sukulu, zopita kwa ana a ku Malawi, ndipo iye anaikamo mapensulo, sopo ndi supuni. Supuni ija anandiuza kawiri konse. Kenako anapempha masokosi ouma.

Ndinafika kunyumba 11 koloko itadutsa, ndinalira. Mwana amene anatumiza supuni kwathu lero akugona pakhomo pa sitolo.

Ndiye ndithandizeni. Ndikanena kuti zonse zipite kwathu, ndamulanda supu mnyamata uja. Ndikakana, nkhope ya mayi anga aang'ono ndiiona bwanji? Chinanso chimene chimandipweteka: pakhoma pa holo yathu anapachika chithunzi cha mwana wa ku Africa atanyamula mbale yopanda kanthu, ndipo ana anga amadutsa pamenepo Lamulungu lililonse. Ndinene kapena ndingokhala chete?

Mwana wa pa Soche

Achemwali, ine ndilankhula mosazungulira chifukwa ndili pompano pomwe munasiya. Tumizani kuno.

Usiku wa Freddy ndinali nawo pokumba anthu ndi makasu ndi manja. Anthu opitirira 1,000 anafa m'dziko muno. Otsala tinawasunga m'makalasi ndi m'matchalitchi, kenako misasa inatsekedwa, makamera anachoka, aliyense anaona msana wa njira. M'Novembala chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, mtengo wa malata ndi simenti unauluka. Munthu amene ankati adzamanga chaka chamawa mpaka pano akungoumba zidina, mvula nkuzisungunula. Mu 2024 kunabweranso chilala cha El Niño. Mapaundi mukunenawo mukawasintha kuno afolera nyumba zingapo. Kumeneko alipira lendi ya munthu mmodzi miyezi ingati?

Mnyamata wanuyo ndamumvera chisoni, Mulungu amuone. Koma iye ali ndi boma lokhala ndi chuma loti alilirire. Mayi anu aang'ono alirira ndani?

Langizo langa ndi limodzi. Musatumize m'dzina la munthu, ngakhale akhale m'bale wanu, ngakhale akhale wa kolala. Ife pamlaga pathu zinatichitikira: abale akunja anatumiza ndalama za mabulangete kudzera mwa munthu mmodzi wodalirika, mabulangete anafika ochepa, ndipo mpaka lero mabanja awiri sapatsana moni. Dutsirani ku mabungwe olemba malipoti. Christian Aid yomweyo imagwira ntchito kuno ndi mabungwe ngati CARD, Akatolika ali ndi CADECOM, sinodi yathu ya Blantyre ilinso ndi nthambi yake ya zachitukuko. Afunseni ngati nkotheka kuti gawo lanu lilembedwe kuti ndi la Malawi.

Nachisale, Leeds

Amayi NaPhiri, ndawerenga ndili pa basi yochokera ku ntchito ya usiku, ndipo ndalephera kudikira kuti ndikafike kunyumba. Achimwene a pa Soche, ndikukulemekezani, zomwe munaona ine sindinaone. Koma mawu oti kuno aliyense ali ndi boma lolilirira si oona kwa tonse. Ine ndine mmodzi wa anthu amene anadya supu ya tchalitchi.

Ndinabwera mu 2023 pa viza yosamalira okalamba. Bambo anagulitsa munda wa kudimba kuti ndikwere ndege. Patangotha miyezi isanu ndi iwiri kampani imene inandiitana inalandidwa chiphaso chobweretsera antchito akunja. Zikatero amakupatsa masiku 60 kuti upeze bwana wina wokuimira, apo ayi uzipita kwanu. Nyumba yomwe tinkagona inali ya kampani yomweyo, choncho ntchito ndi pogona zinatha tsiku limodzi. Ndipo viza imeneyi ili ndi lamulo loti sungalandire thandizo la boma. Ukapita ku khonsolo amakumvetsera bwinobwino, koma nyumba sangakupatse.

Ndinagona pa sofa ya mnzanga wa ku Zimbabwe milungu itatu mpaka mwini nyumba anadziwa. Kenako masiku anayi ndinkangokwera mabasi ausiku ndi chikwama changa, kutsika uku kukwera uku, kuti ndisazizidwe. Kumudzi ndinkatumiza zithunzi ndikumwetulira. Ndani angauze bambo ake amene anagulitsa dimba kuti akugona pa basi?

Amene ananditola ndi amayi awiri a mpingo wa Methodist, pamalo pomwe ankagawa chakudya Lachitatu. Sanandifunse mapepala. Mmodzi anandipatsa chipinda cha mwana wake amene anali ku yunivesite, winayo anakhala nane pa kompyuta masiku ambirimbiri tikulemba makalata ofunsira ntchito. Ndinapeza bwana wina kutatsala masiku 9. Lero ndimatumiza ndalama kumudzi mwezi uliwonse, ndipo ang'ono anga awiri ali ku sekondale chifukwa cha zimenezo. Amayi aja akanati ndalama zathu zonse zipite ku Africa, ine wa ku Africa amene ndinali pakhomo pawo ndikanathera kuti?

Pamzere wa galimoto yanuyo yang'anitsitsani, amayi. Mupezapo athu. Amaima kumbuyo, chipewa chitatsika, ndipo mukawafunsa kwawo amatchula dziko lina chifukwa cha manyazi.

Mkulu wa mpingo wopuma, Zomba

Mwanangu NaPhiri, ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka 34, ndipo ndinasungako chuma cha mpingo. Ndiyambe ndi supuni ija, chifukwa ndinaziona zikwamazo zikufika. Mary's Meals inayambira kuno ku Malawi mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, woyambitsa wake Magnus MacFarlane-Barrow, ndipo likulu lake linali kashedi ka malata ku Dalmally kwanu komweko. Lero ana opitirira miliyoni imodzi m'dziko muno amamwa likuni phala kusukulu. Koma amene amadzuka mbandakucha kukatola nkhuni, kutunga madzi ndi kutakasa phala m'miphika ikuluikulu ija ndi amayi a m'midzi, osalipidwa. Ndinkawaona akubwera ndi ana kumbuyo kusanache. Pasukulu pathu kalasi imene inkakhala ndi mipata Lolemba inayamba kudzaza. Ndiye pa chithunzi chija usakhale chete. Kawauze mwaulemu kuti mbale yopanda kanthu ndi theka la nkhani. Apachike cha amayi akutakasa phala, ana ako aziona agogo awo akugwira ntchito.

Za kugawa ndalamazo, kumbukira kuti ubale wa ife ndi anthu a ku Scotland sunayambe dzulo. Mishoni ya Livingstonia inayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo zina mwa ndalama zoyendetsera mishoni zinkachokera m'zopereka za anthu wamba m'mipingo ya ku Scotland, ena a iwo osauka ndithu. Paulo naye anayamikira mipingo ya ku Makedoniya chifukwa inasonkhera abale a ku Yerusalemu iyo ili pa umphawi. Sanadikire kuti alemere kaye.

Ifenso tisadzinamize kuti kusowa pogona ndi matenda a kunja. Pita ku Limbe usiku ukaone ana akugona m'makhonde a masitolo atafunda makatoni. Mpaka 2017, pomwe khoti lalikulu linathetsa gawo lina la lamulo la vakabu, munthu ankatha kugona m'chitokosi chifukwa chongopezeka panja usiku. Alipo a Chisomo Children's Club amene akhala akuwatola anawa zaka zambiri, koma ndi mipingo ingati ya m'tauni imene imawaikira kanthu pa masika? Pathu chimanga cha masika tinkagulitsa nkugulira simenti ya mpanda. Ndinali nawo povomereza, ndipo zimandiwawa mpaka lero.

Ine ndikanati theka la ogona panja usalikhudze. Mwambo umene unaupeza uli ndi chifukwa chake. Ngati mtima ukukankha za kwathu, yambitsa china chapadera. Ndamva kuti kumeneko mipingo ndi masukulu amagulitsa mpunga wa Kilombero wa alimi a ku Karonga, makilogalamu 90 pa ulendo umodzi. Mlimi amalandira mtengo wa thukuta lake, osati chifundo.

NaPhiri wa ku Leith

Zikomo nonse. Achimwene a pa Soche, mawu anu andilasa, ndipo sindikutsutsani pa za mtengo wa malata. Ndaimbira mayi aang'ono usiku wathawu nkuwafotokozera zonse, za mnyamata uja ndi supuni yomwe. Anakhala chete kanthawi, kenako anandifunsa ngati mwanayo ali ndi mayi. Sindinathe kuyankha, chifukwa sindinamufunse.

Lachiwiri ndikanena kuti theka la Bethany likhale momwe lilili. Mzinda uno unalengeza m'Novembala 2023 kuti vuto la nyumba lafika poipa, ndipo pagalimoto paja zimaoneka ndi maso. Theka la Christian Aid ndipempha alembi alembe kalata yofunsa ngati lingapite ku ntchito za ku Malawi. Za mpunga ndayamba kale kufunsa, bambo, ndipo ndiphika ndekha mphika woyamba ndi nyemba kuti alawe pambuyo pa mapemphero. Nyumba ya mayi aang'ono ndi katundu wathu ife ana, ndakambirana ndi alongo anga awiri a ku Johannesburg kuti tizisonkha mwezi ndi mwezi mpaka malata akwane.

Nachisale mng'ono wanga, ndilembere kumbali. Kodi ungalole kuti ndikawerenge nkhani yako m'komiti, osatchula dzina kapena mzinda? Ulendo wanga wotsatira pa Care Van ndi Loweruka la mawa lino, ndipo masokosi ndagula kale mapeyala khumi ndi awiri.